Mmene mungaonere njira imene alendo amadutsa pa webusaiti yanu ndi nthawi imene amakhala pa tsamba lililonse

Wogulitsa zitenje ku Mbare Musika sachita kufuna makina kuti adziwe khalidwe la makasitomala ake, chifukwa amaona ndi maso amene waima, amene wagwiragwira nsalu n'kuibweza, ndiponso amene wafunsa mtengo n'kuchoka osatsanzika. Mwini webusaiti alibe mwayi umenewu. Anthu amalowa ndi kutuluka iye osawaona, ndipo mwezi ukamatha chimene amadziwa n'chakuti foni inalira kapena sinalire. Malangizo awa akulongosola mmene mungagwiritsire ntchito Google Analytics 4, pulogalamu yaulere imene ambiri amangoitchula kuti GA4, kuti muone tsamba limene mlendo walowera, masamba amene wadutsamo, nthawi imene wakhala pa lililonse, ndiponso pamene watulukira. Chitsanzo chathu chikhala webusaiti yongoyerekeza ya bizinesi yotumiza katundu kuchoka ku Harare kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe kudzera pa Nyamapanda ndi ku Tete, ntchito imene mabanja olankhula Chichewa ku Highfield, Mufakose ndi Mabvuku amaidziwa bwino. Njira zake n'zomwezo ngakhale webusaiti yanu itakhala ya tchalitchi, ya sukulu kapena ya telala.

Yambani ndi pepala ndi cholembera

Musanatsegule kompyuta, lembani pa pepala masamba onse a webusaiti yanu, ndipo pambali pa lililonse mulembe ntchito yake m'mawu ochepa. Pa webusaiti yotumiza katundu ija pali tsamba loyamba, tsamba la mitengo, tsamba la masiku amene galimoto imanyamuka, tsamba lofotokoza zikalata zofunika pamalire, ndi tsamba lolankhulirana ndi eni bizinesi, pamene pali batani la WhatsApp. Jambulani mivi yosonyeza njira imene mukufuna kuti munthu adutse, mwachitsanzo kuchoka pa tsamba loyamba kupita pa mitengo, kenako pa masiku, pomaliza pa batani la WhatsApp. Mukatero tengani foni, tsegulani tsamba lililonse, yatsani wotchi yowerenga masekondi, ndipo muliwerenge modekha ngati munthu amene akuliona koyamba. Lembani nthawi imene mwatha. Mwina mupeza kuti tsamba la masiku likufuna masekondi 15 okha, pomwe la zikalata za pamalire likufuna mphindi 3.

Ambiri amadumpha gawo limeneli poliona ngati lachibwana, koma ndi limene limapatsa tanthauzo manambala onse amene mudzaone m'tsogolomu. GA4 ikadzakuuzani kuti anthu amakhala masekondi 25 pa tsamba lina, siidzanena ngati zimenezo n'zabwino kapena n'zoipa. Masekondi 25 pa tsamba la masiku akusonyeza kuti munthu wapeza zimene amafuna, koma masekondi 25 omwewo pa tsamba la zikalata akusonyeza kuti wangosuzumira n'kuthawa.

Kulumikiza webusaiti ndi GA4

Lowani pa analytics.google.com ndi akaunti ya Google ya bizinesi yanu, osati ya munthu amene anakupangirani webusaiti. Lero zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma tsiku limene mudzasiyane ndi wopanga webusaitiyo, mbiri yonse ya alendo anu idzapita naye ngati akauntiyo ili m'dzina lake. Mwini mukhale inuyo, iye mungomupatsa chilolezo cholowa kudzera pa Admin, pamene palembedwa Property access management.

Pangani Account, kenako Property. Mukafunsidwa za nthawi, sankhani Zimbabwe, ndipo pa ndalama sankhani imene mumalembera mitengo yanu, yomwe kwa ambiri kuno ndi dola ya ku America. Nthawi ya ku Harare ndi ya ku Lilongwe ndi imodzi, choncho makasitomala a mbali zonse ziwiri azioneka pa maola olondola. Koma mukasiya nthawi ya ku Los Angeles, munthu amene walowa 8 koloko m'mawa adzalembedwa ngati analowa usiku wa dzulo lake. Kenako, pa Data streams, sankhani Web n'kulemba adiresi ya webusaiti yanu. Mupatsidwa nambala yoyamba ndi G- pamodzi ndi kachidutswa ka khodi. Mukakumana ndi malangizo pa intaneti amene akunena za nambala yoyamba ndi UA-, asiyeni, chifukwa akunena za Universal Analytics yakale, imene inasiya kulandira manambala atsopano pa 1 Julayi 2023.

Ngati webusaiti yanu inapangidwa ndi WordPress, njira yosavuta ndiyo kuika pulagini (kapulogalamu kowonjezera pa webusaiti) ya Google yotchedwa Site Kit n'kuilumikiza ndi akaunti yanu. Ngati inapangidwa mwanjira ina, khodi ija iyenera kuikidwa kumayambiriro kwa gawo la head pa tsamba lililonse, osati pa tsamba loyamba lokha, popeza tsamba lopanda khodi limakhala ngati kulibe ndipo njira ya mlendo imaduka akafika pamenepo. Khodiyo iikidwe kamodzi kokha. Zimachitika kuti wopanga webusaiti anaiika kale pamanja, mwini n'kuwonjezeranso pulagini, ndipo zikatero tsamba lililonse likhoza kumawerengedwa kawiri.

Yesani nthawi yomweyo. Zimitsani Wi-Fi pa foni yanu, tsegulani webusaiti ndi data ya pa foni, dutsani masamba atatu, ndipo pa kompyuta muyang'ane lipoti la Realtime, limene limasonyeza zochitika za mphindi 30 zapitazi. Muyenera kuona mlendo mmodzi ndi masamba atatu aja, lililonse kamodzi. Malipoti ena onse amatenga maola 24 mpaka 48 kuti adzaze, choncho musade nkhawa mukawapeza opanda kanthu tsiku loyamba.

Zoyenera kukonza tsiku lomwelo

GA4 siibwerera m'mbuyo kukakonza manambala amene yalemba kale, n'chifukwa chake zinthu zitatu izi sizofunika kuzengereza nazo. Choyamba n'chachidule. Pa Admin, pansi pa Data collection and modification, tsegulani Data retention n'kusintha miyezi 2 kukhala miyezi 14. Malipoti wamba sakhudzidwa ndi zimenezi, koma zojambula za njira za alendo, zomwe tifikeko patsogolopa, zimadalira tsatanetsatane amene amafufutidwa nthawiyo ikakwana. Bizinesi imene imakhala ndi piringupiringu mu Disembala ikufunika kudzayerekeza Disembala wa chaka chino ndi wa chaka chamawa, ndipo miyezi 2 siingakwanire pa zimenezo.

Chachiwiri ndicho kuchotsa maulendo anu omwe. Pa webusaiti yaing'ono, inu ndi antchito anu mukamatsegula tsamba la mitengo kangapo patsiku poyankha makasitomala, mukhoza kuchuluka kuposa alendo enieni, ndipo popeza inu mumadziwa kale pamene chilichonse chili, mumasokoneza njira ndi nthawi yomwe. Ngati ofesi yanu ili ndi intaneti yokhala ndi adiresi ya IP (nambala imene imazindikiritsa kumene mwalumikizira intaneti) yosasintha, tsegulani Data streams, Configure tag settings, kenako Define internal traffic, n'kulemba adiresiyo. Pomaliza pitani pa Data filters mukasinthe sefa ya Internal Traffic kuchoka pa Testing kupita pa Active, apo ayi siigwira ntchito. Chenjezo ndi lakuti zimene sefa yachotsa sizibwereranso. Ndipo ngati mumagwiritsa ntchito data ya pa foni ya Econet kapena NetOne, njira imeneyi isiyeni, chifukwa adiresi ya IP imasinthasintha komanso anthu ambiri amagawana imodzi, moti mukhoza kutsekera kunja makasitomala enieni. Pamenepo ikani Google Analytics Opt-out Browser Add-on, kapulogalamu koletsa GA4 kuwerenga maulendo anu, pa kompyuta za mu ofesi, ndipo antchito muwapatse ndandanda ya mitengo yosungidwa m'foni kuti asamatsegule webusaiti pa funso lililonse.

Chachitatu ndicho kuuza GA4 chimene inu mumachiona kuti ndi mapeto abwino a ulendo. Pa Data streams onetsetsani kuti Enhanced measurement ndi yoyaka, chifukwa ndi imene imalemba yokha munthu akatsitsa tsamba kufika pa 90 peresenti ya kutalika kwake, akatenga fayilo monga PDF, kapena akadina linki yopita kunja kwa webusaiti. Batani la WhatsApp, lomwe linki yake imayamba ndi wa.me, lili m'gulu lomalizali, ndipo limalembedwa ndi dzina lakuti click pamodzi ndi malinki ena onse otuluka. Kuti mulipatule, pitani pa Admin, Events, Create event, lipatseni dzina lakuti whatsapp_click, ndipo muike zofunika ziwiri: event_name ifanane ndi click, komanso link_url ikhale ndi mawu akuti wa.me. Mukatero lichongeni kuti likhale key event, kutanthauza mapeto abwino aja a ulendo, chimene malangizo olembedwa chisanafike chaka cha 2024 amachitchula kuti conversion. Kumbukirani kuti nambala imeneyi ikuwerenga anthu amene atsegula WhatsApp, osati amene atumiza uthenga kapena kulipira; zimenezo mudzaziwerenga nokha m'buku la bizinesi.

Kuika chizindikiro pa malinki amene mumatumiza

Njira ya mlendo imayambira kunja kwa webusaiti, ndipo kuno kwathu ambiri amachokera m'magulu a WhatsApp a tchalitchi, a maliro kapena a achibale. Vuto ndi lakuti munthu akadina linki mu WhatsApp, kawirikawiri GA4 siidziwa kumene wachokera, ndipo imamuponya m'gulu la Direct pamodzi ndi amene analemba adiresi ndi manja. Pofuna kupewa zimenezi, onjezerani mawu ozindikiritsa kumapeto kwa linki musanaitumize, mwachitsanzo ?utm_source=whatsapp&utm_medium=social&utm_campaign=disembala. Google ili ndi tsamba laulere lotchedwa Campaign URL Builder limene limakulumikizirani mawuwa popanda kulakwitsa. Lembani zonse ndi zilembo zing'onozing'ono, chifukwa GA4 imaona WhatsApp ndi whatsapp ngati magwero awiri osiyana. Linki ya pa Facebook ikhale ndi chizindikiro chake, khodi ya QR ya pa chikwangwani ikhalenso ndi chake, koma malinki a mkati mwa webusaiti, ochoka pa tsamba lina kupita pa lina, musawaike chizindikiro chilichonse. Zotsatira zake mudzaziona pa lipoti la Traffic acquisition.

Pali anthu ena amene lipoti limeneli silidzakusonyezani n'komwe. Munthu amene wagula bandulo ya WhatsApp yokha akadina linki yanu, tsamba silitseguka, ndipo kwa GA4 munthuyo sanabwerepo. Choncho mukatumiza linki m'gulu la anthu ambiri n'kuona alendo ochepa, musathamangire kuganiza kuti anthu alibe chidwi. N'chanzeru kulemba mtengo ndi tsiku lonyamuka mu uthenga womwewo, linki n'kukhala ya amene akufuna zambiri.

Mmene nthawi imawerengedwera

Tsopano dikirani milungu iwiri kapena inayi, malinga ndi kuchuluka kwa alendo anu, kenako tsegulani Reports, Engagement, Pages and screens. Muona ndandanda ya masamba anu, kuchuluka kwa maulendo amene lililonse latsegulidwa, chiwerengero cha anthu, ndi mzere wa Average engagement time per active user, umene ndi avereji ya nthawi imene munthu mmodzi wakhala pa tsambalo. Musanakhulupirire mzere umenewu, muyenera kudziwa mmene nambala yake imapezekera, chifukwa apa ndi pamene eni mawebusaiti ambiri amasocherera.

Kale nthawi inkapezeka pochotsera. Tiyerekeze kuti mayi wina watsegula tsamba la mitengo 10:00, watsegula la zikalata 10:02, ndipo waliwerenga mpaka 10:07 n'kutseka foni. Pulogalamu yakale inkalemba mphindi 2 pa tsamba la mitengo, koma pa la zikalata sinkalemba kanthu, popeza panalibe tsamba lachitatu loti ichotserepo. Tsamba limene munthu waliwerenga kwambiri ndi limene linkaoneka ngati losawerengedwa. Mapulogalamu ena, monga Matomo, amawerengabe chonchi ngati simunayatse mbali imene amaitcha heartbeat timer. GA4 inasintha njira: imawerenga nthawi imene tsamba lili patsogolo pa sikirini, ndipo imatumiza nthawiyo munthu akapita pa tsamba lina, akatseka, kapena akasamukira ku pulogalamu ina. Mayi uja akachoka pa tsamba lanu kuti ayankhe uthenga wa WhatsApp kwa mphindi 10 n'kubwereranso, mphindi 10 zimenezo siziwerengedwa.

Njira yatsopanoyi ndi yabwinoko, koma imanamizabe m'malo angapo. Siidziwa ngati maso a munthu ali pa sikirini: foni ikaikidwa pa tebulo tsamba lili chotsegula, nthawi imayendabe mpaka sikirini itazima. Foni ikathima mwadzidzidzi chifukwa cha batire, kapena netiweki ikaduka magetsi a ZESA atazima, nthawi yomaliza ikhoza kutayika isanatumizidwe. Chachikulu n'chakuti kuwerenga kumayamba khodi ikatseguka, moti munthu amene wadikira tsamba lolemera ndi zithunzi kwa masekondi angapo n'kugwa ulesi salembedwa n'komwe, ngakhale kuti ndi amene mumafunika kumudziwa koposa. Amene amagwiritsa ntchito Opera Mini pa njira yake yopulumutsa data kwambiri nawonso nthawi yawo siidalirika, chifukwa tsamba limakonzedwera pa makompyuta a Opera lisanafike pa foni yawo.

Avereji nayo ili ndi chinyengo chake. Tiyerekeze kuti anthu 10 atsegula tsamba la zikalata. 9 akhalapo masekondi 5 aliyense, ndipo mmodzi wakhalapo mphindi 10. Pamodzi ndi masekondi 645, omwe mukawagawa kwa anthu 10 akupereka masekondi 64.5. Lipoti lidzanena kuti anthu amakhala mphindi imodzi ndi masekondi ochepa, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu 10 aja amene anakhala nthawi yoteroyo. Ine sindidalira avereji ya tsamba limene lili ndi alendo owerengeka pa zala. Ndimakulitsa masiku pa kalendala ya lipoti mpaka chiwerengero chitakwerako, ndiyeno ndimayerekeza ndi kuchuluka kwa scroll, kutsitsa tsamba kufika pa 90 peresenti kuja, pa tsamba lomwelo. Nthawi ikakhala yaitali koma ofika kumunsi kwa tsamba ali ochepa, ndiye kuti anthu ochepa ndi amene akukoka avereji, kapena ambiri akukakamira pa chinthu china chapamwamba.

Mudzakumananso ndi mawu akuti engaged session. GA4 imaona kuti ulendo unali waphindu ngati wapitirira masekondi 10, kapena munthu watsegula masamba awiri kapena kuposerapo, kapena wachita key event. Maulendo otsalawo ndi amene amapanga bounce rate, kutanthauza gawo la maulendo amene GA4 imawaona ngati a anthu othawa. Ulendo umodzi umatha munthu akakhala mphindi 30 osachita kanthu. Bambo amene watsegula tsamba la masiku, waona m'masekondi 8 kuti galimoto inyamuka Lachisanu n'kutseka, amawerengedwa ngati wothawa, chonsecho wathandizidwa mokwanira. Pa masamba a yankho limodzi ngati amenewa, bounce rate yokwera si nkhani yodandaulitsa.

Kujambula njira ya alendo

Musanajambule njira, yang'anani kaye lipoti la Landing page, limene limasonyeza tsamba limene munthu walowera. Eni mawebusaiti ambiri amakometsera tsamba loyamba poganiza kuti aliyense amadzera pamenepo, koma linki ya pa WhatsApp kapena zotsatira za Google zimamufikitsa munthu molunjika pa mitengo kapena pa zikalata. Tsamba limene anthu ambiri amalowera ndi limene muyambirepo.

Tsegulani Explore n'kusankha Path exploration. Dinani Start over kuti muchotse chitsanzo chimene chilipo kale, ndipo pa Starting point musankhe Page path and screen class, kenako tsamba limene mukufuna. Tsamba loyamba limaoneka ngati kamzere kopendekeka kokha (/). Ndi bwino kusankha adiresi m'malo mwa mutu wa tsamba, chifukwa mawebusaiti ambiri ang'onoang'ono amakhala ndi mutu umodzimodzi pa masamba onse, ndipo njira yonse imasakanikirana. Kumanja kutuluka nthambi zosonyeza masamba amene anthu anapita pambuyo pake, ndi nambala pa nthambi iliyonse. Mukadina nthambi imodzi, imatsegula sitepe yotsatira. Pa Values sankhani chiwerengero cha anthu m'malo mwa Event count, kuti munthu mmodzi wotsegula kambirimbiri asaoneke ngati khamu. Kusiyana kwa nambala ya pa tsamba ndi nthambi zake zonse mukaziphatikiza ndiko kukusonyezani mongoyerekeza amene ulendo wawo unathera pomwepo. Dziwaninso kuti njira imeneyi ikhoza kulumikiza maulendo a masiku osiyana a munthu mmodzi, choncho sikuti nthawi zonse masamba awiri otsatizana anatsegulidwa pa mphindi zoyandikana.

Chothandiza kwambiri, m'kuona kwanga, ndicho kuyenda chobwerera. Dinaninso Start over, koma ulendo uno lembani pa Ending point, sankhani Event name, kenako whatsapp_click, ndipo masitepe a m'mbuyo muwasinthe kuti asonyeze adiresi za masamba. Muona tsamba limene anthu anali nalo asanaganize zokulankhulani. Ngati ambiri amadina batani atangochoka pa tsamba la zikalata za pamalire, ndiye kuti tsambalo ndi limene limawachotsa mantha, ndipo silikuyenera kubisika kumunsi kwa menyu. Yang'ananinso njira zozungulira. Mukaona anthu akuchoka pa mitengo kupita pa masiku, kubwerera pa mitengo, kupitanso pa masiku, si kuti akukonda masamba anu; akufuna mfundo ziwiri zimene inu munaziika malo awiri osiyana, ndipo kuchuluka kwa masamba otsegulidwa pamenepa ndi chizindikiro cha kuvutika.

Njira ija munajambula ndi mivi mungaiyese ndi Funnel exploration. Ikani masitepe ake motsatizana, yatsani Show elapsed time kuti muone avereji ya nthawi imene imadutsa pakati pa sitepe ndi inzake, ndipo muyatsenso Make open funnel kuti olowera pakati awerengedwe nawo. Pa Breakdown ikani Device category kuti musiyanitse a pa foni ndi a pa kompyuta, kapena Country kuti musiyanitse a ku Zimbabwe, a ku Malawi ndi a ku South Africa. Mzinda musaudalire kwambiri, chifukwa umangoganiziridwa kuchokera pa adiresi ya IP, ndipo munthu wa ku Chitungwiza kapena ku Mutare wogwiritsa ntchito data ya pa foni akhoza kulembedwa kuti ali ku Harare. Chimodzimodzinso, amene GA4 imamutcha munthu mmodzi kwenikweni ndi pulogalamu imodzi yotsegulira intaneti pa chipangizo chimodzi: amene watsegula linki mkati mwa Facebook m'mawa n'kubweranso ndi Chrome madzulo amawerengedwa ngati anthu awiri, pomwe banja logawana foni imodzi limawerengedwa ngati munthu mmodzi.

Kuona chifukwa chake, kusamala zinsinsi ndi kusintha tsamba

Manambala amakuuzani malo amene pali vuto, koma sakuuzani kuti vutolo n'chiyani. Mukapeza tsamba limene anthu amakhalitsapo kenako n'kutuluka osadina kanthu, ikani Microsoft Clarity, pulogalamu yaulere imene imasonyeza malo amene anthu amadinadina ndiponso kubwereza ulendo wa mlendo ngati vidiyo. Oneraniko maulendo angapo a pa foni. Mwina muona chala chikukokera tebulo la mitengo kumanzere ndi kumanja chifukwa mzere wa Lilongwe wabisika kunja kwa sikirini, kapena munthu akudina kangapo motsatizana pa nambala ya foni imene inaikidwa ngati chithunzi, chinthu chimene Clarity imachitcha rage click. Ngati mukukayikira kuti tsamba likuchedwa kutseguka, liyeseni pa PageSpeed Insights ya Google, ndipo muyang'ane zotsatira za pa foni osati za pa kompyuta.

Zonsezi zikukhudza anthu enieni, choncho lamulo lilipo. Ku Zimbabwe kuli Cyber and Data Protection Act ya 2021, imene woiyang'anira ndi POTRAZ, bungwe la boma loona za mauthenga ndi mafoni, ndipo ku Malawi kuli Data Protection Act ya 2024 pansi pa MACRA, bungwe la ntchito yofananayo. Lembani tsamba lachidule louza alendo, m'chilankhulo chimene amamva, kuti webusaiti yanu imagwiritsa ntchito Google Analytics ndi Clarity komanso chifukwa chake. Google nayo imaletsa kutumiza ku GA4 maina, maimelo kapena manambala a foni a anthu. Zimenezi zimalowa mosadziwa pamene fomu yapangidwa mwanjira yakuti zimene munthu walemba zimakaonekera mu adiresi ya tsamba lotsatira. Kuti mufufuze, pa Pages and screens sankhani Page path + query string, ndipo m'bokosi lofufuzira mulembe @, kenako 263, kenako 265, manambala amene amayambira foni za ku Zimbabwe ndi ku Malawi. Mukapeza imelo kapena nambala ya munthu, uzani wopanga webusaiti akonze fomuyo, ndipo muyatse Redact data pa Data streams.

Mukafika posintha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo mulembe tsiku lake m'buku. Mukasintha mitengo, zithunzi ndi malo a batani sabata imodzi, simudzadziwa chimene chathandiza. Tinene kuti mwaika masiku onyamuka pamwamba pa tsamba la mitengo kuti muthetse kuzungulira kuja. Dikirani milungu yofanana ndi imene munayeza poyamba, kenako pa kalendala ya lipoti muyatse Compare n'kuyerekeza nyengo ziwiri zotalika mofanana, zoyamba Lolemba n'kutha Lamlungu, popeza khalidwe la anthu Loweruka ndi losiyana ndi la pakati pa sabata. Musayerekeze Disembala ndi Febuluwale, kapena sabata ya malipiro a kumapeto kwa mwezi ndi ya pakati pa mwezi. Ngati nthawi ya pa tsamba la mitengo yatsika, masamba otsegulidwa achepa, koma odina batani la WhatsApp achuluka, kusinthako kwagwira ntchito ndipo musakubweze. Ngati nthawi ndi odina batani zatsika pamodzi, bwezeretsani tsamba lakale, ndipo muonere mavidiyo a Clarity a masiku amenewo musanayese kusintha kwina.